Musayigwire Foniyo, Amayi

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi moni monga munandilerera, ngakhale mtima ukufuna kuthamangira kumapeto. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kutchalitchi, kapena mukumaimabe pakati n'kumanamizira kuti mukupatsa anthu moni? Nanga mankhwala a shuga mukumwa, kapena mukuwasungabe m'chitini kudikira tsiku lalikulu? Ife kuno tikudzuka ndithu. Mkamwini wanu akunyamulabe katundu wa anthu osamuka, ine ndinabwerera kuntchito yanga yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela, ndipo mdzukulu wanu akudya ngati walipira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni muli nayo. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, pa foni simundipatsa mpata. Ndikangotsegula pakamwa inu mwafika kale pa nkhani yachitatu. Chachiwiri ndiye chachikulu: foni yanuyo musayigwire mpaka mutamaliza kuwerenga kalatayi. Ngati ili m'manja, itsitseni patebulo pang'onopang'ono. Ngati alamu ali pafupi, aja amakonda kukufufutirani zinthu foni ikadzadza, atumeni kumsika, ndipo muwatume zinthu zovuta kupeza. M'foni mwanumo muli chinthu chimene mkono wa mdzukulu wanu ukudikira.

Eya, mkono. Khalani pansi, amayi. Ndakhala ndikukubisirani kwa miyezi inayi.

Munandifunsa kuti kodi kuno kumazizira chaka chonse, popeza pa chithunzi chilichonse mwana amakhala atakulungidwa m'bulangeti. Munafika ponena kuti tikumuphika mwanayo. Sikuzizira ayi. Ndimabisa mkono wake wakumanja. Sukwera. Umangolendewera m'mbali, utapotokera mkati, kadzanja katayang'ana kumbuyo. Abambo ake amati akuoneka ngati bwana amene akulandira kanthu mobisa, ndipo timaseka, chifukwa tikapanda kuseka m'nyumba muno mukhala maliro.

Zinachitika pobadwa. Linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo. Mutu unatuluka bwinobwino, ine n'kumati basi tawoloka. Kenako zii. Phewa linakodwa kuseri kwa fupa langa lakutsogolo, mwana osapitirira, osabwerera. Mzamba anali yekha, mnzake atapita kukadya. Pakhoma pomwepo panali belu lofiira loitanira anthu, koma iye sanalikhudze. Anagwira mutu wa mwana n'kuyamba kukoka, phazi limodzi ataponda mwendo wa bedi. Wina amene anangolowa anayamba kundikanikiza pamwamba pa mimba ngati akufinya bulangeti lonyowa. Mkamwini wanu anali kumutu kwanga atandigwira dzanja, thukuta lawo likundidonthera pamphumi.

Kenako kunalowa dokotala wamkazi, chakudya chidakali m'kamwa. Anakuwa kuti asiye kukoka, anandipinda miyendo mpaka mawondo anapatsana moni ndi makutu, n'kukanikiza m'munsi mwa mchombo. Mwana anatuluka nthawi yomweyo, ali bii, osalira. Atalira, abambo ake anakhala pansi pa simenti, chimunthu chonse chija, n'kuyamba kuthokoza aliyense, ngakhale mayi wokolopa. Pasikelo anakwana makilogalamu anayi ndi theka n'kupitirirako. Za mkono tinazindikira m'mawa mwake, ndipo anatiuza kuti zimachitika, zitha zokha.

Sizinathe zokha. Akuti mitsempha yochokera m'khosi yoyendetsa mkono inakokeka kwambiri, mwina ina inaduka. Lachiwiri lililonse timapita kumafizo, kumene mayi wina wodekha amatiphunzitsa kuwongola ndi kupinda kamkonoko. Kunyumba ntchito imeneyi anailanda abambo ake. Munthu amene amakweza firiji pamsana mpaka pansanjika yachinayi mukamuone atagwada pamphasa, akugwira kachigongono ndi zala ziwiri, lilime lili panja, akuwerenga mpaka teni. Sabata yatha tizala ta mwanayo tinagwira ndevu zawo, ndipo anakana kumeta mpaka lero. Koma chigongono sichinayambebe kupindika.

Dokotala wa mitsempha anatiuza mosabisa kuti mwana akafika miyezi isanu ndi umodzi asanathe kufikitsa dzanja kukamwa, pafunika opaleshoni, ndipo isachedwe, chifukwa mitsempha sidikira munthu. Kuchipatala cha aliyense mzere wake ndi wa chaka ndi miyezi. Kumene angachite msanga, mtengo wake sindiulemba, shuga angakukwereni. Tatsala ndi miyezi iwiri, amayi.

Mayi wa mafizo uja ndi amene anatinong'oneza, maso ali kukhomo, kuti tikaonane ndi loya. Ine ndinkaopa. Munthu wobwera ngati ine kukasumira chipatala chonse chija? Koma anati si nkhani ya ukali, ndi nkhani ya mkono, ndipo chipatala chikavomera kuti chinalakwa, chimayamba n'kulipira opaleshoni, chipukutamisozi chenicheni n'kumabwera pambuyo.

Ofesi ya loyayo ili pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, moti zonse zimene timakambirana zimanunkha labala. Loya wake ndi kamayi kochepa thupi, kokhala ndi pensulo m'tsitsi, kolankhula mosathamanga. Mkamwini wanu atalowa sanayambe n'kupereka moni, anayamba n'kuyang'ana desiki, kenako chitseko, kenako masitepe, n'kufunsa kuti analowetsa bwanji chinthu chimenechi muno. Ndinawaponda phazi, koma loya anayankha bwinobwino kuti anadzera pawindo.

Loyayo anali atalembera kale chipatala, ndiye anatiwerengera yankho lawo. Akuti palibe akanadziwa kuti mwana adzakhala wamkulu choncho. Akuti mzamba anakoka pang'ono, mwaulemu. Apa mkamwini wanu anadzuka pampando. Anati iwo sanaphunzire za uzamba, koma pa ntchito yawo, kabati ikakakamira pakhomo, munthu wanzeru sakoka. Umaitana anzako, umaipendeketsa, umaizunguza pang'ono, imadutsa yokha. Wokoka ndi amene amathyola zitseko, ndipo bwana amamudula malipiro. Loya anachotsa pensulo m'tsitsi n'kulemba. Anati mabuku a madokotala amanena zomwezo, kungoti amatenga masamba makumi anayi.

Mawu akuti kabatiwo muwasunge, amayi, tibwererako.

Kenako loya anatulutsa khadi langa la kusikelo. Pamzere wofunsa ngati kubanja kwathu kunakhalapo vuto pobereka, namwino analemba liwu limodzi lokha, lakuti palibe. Loya anati mlandu wonse wagona pa liwu limeneli. Achipatala akanauzidwa, anayenera kundiyeza shuga, kundiunika mimba kuti aone kukula kwa mwana, n'kukonzekera. Ndiye anandifunsa ngati ndinawauzapo kanthu.

Ndinawauza. Kunena zoona, munawauza ndinu.

Mukukumbukira uthenga wa mawu umene munanditumizira ndili ndi miyezi isanu ndi iwiri? Wa mphindi khumi ndi zinayi uja? Unafika m'mawa ndikupita kusikelo. Munayamba ndi nkhuku yanu imene inkaikira mazira kukhitchini kwa aneba, iwo n'kumati ndi madalitso. Munapitiriza ndi amayi otsogolera kwaya, amene munati amatsegula pakamwa nyimbo isanayambe n'kutseka anthu atafika kale kunyumba. Kenako munafika pa ine. Munati ine ndinakodwa mapewa pobadwa, achimwenenso chimodzimodzi, moti azamba anakupindani ngati mpando wa pamsonkhano. Munati ndiwauze andiyeze shuga, amuyeze mwanayo, akakhala wamkulu andipange opaleshoni asadikire zoona ndi maso. Ndipo munamaliza mfundoyo ndi kunena kuti kwathu timabereka kale ana a mapewa, nanga ine n'kukawonjezera dala pokwatiwa ndi Kabati uja.

Ndinamutsegulira namwino uthengawo mokweza, ine n'kumamasulira m'chinenero cha kuno. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi thonje la odwala. Anati agogo onse padziko lapansi anabereka njovu. Anandiyeza mimba ndi tepi, n'kunena kuti zonse zili bwino, n'kulemba liwu lake lija. Inenso ndinaseka, amayi. Ndinauzimitsa uthengawo pa mphindi yachisanu ndi chimodzi. Nditatuluka, ndili pamalo odikirira basi, ndinakutumizirani yankho langa, ndikusekabe, kuti namwino wamva zonse, akuti musade nkhawa, kuno ndi kwa madokotala ophunzira, si zakale zija.

Nditafotokoza zimenezi, loya anaimirira, pensulo n'kugwa. Anati mauthenga awiriwo, wanu ndi wanga, okhala ndi tsiku ndi nthawi yake, ndi umboni woti chipatala chinauzidwa miyezi iwiri mwana asanabadwe. Anatambasula dzanja kuti ndimupatse foni. Ndinachita kumuuza kuti foni imeneyo inalowa m'makina ochapira pamodzi ndi nsalu za patebulo za hotela ina, inazungulira ola lathunthu m'madzi otentha, n'kutuluka yoyera bwino koma yosakumbuka ngakhale dzina langa. Ndiye kuti padziko lonse lapansi mauthenga amenewo atsala m'foni imodzi, ya galasi losweka, yomangidwa ndi labala, imene ili patebulo panupo.

Tsopano imvani vuto lake. Loya akuti uthengawo sudulidwa. Uyenera kumasuliridwa wonse ndi womasulira wolumbira, kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, n'kusindikizidwa pa pepala la chidindo, n'kuwerengedwa pamaso pa maloya a chipatala. Nkhuku ilowa. Aneba alowa. Amayi a kwaya alowa ndi pakamwa pawo. Loyayo anandiuza kuti ndinene zonse zimene ndikukumbuka kuti asadzadzidzimuke, ndipo ine ndinanena, mpaka ndinafika pa liwu lija ndisanaganize.

Mkamwini wanu anafunsa kuti Kabati ndi ndani.

Ine ndinayang'ana matayala pawindo. Loya anayamba kufunafuna pensulo pansi pa desiki, chonsecho anali ataitola kale. Apo mkamwini wanu anafunsa kuti apongozi amatanthauza kabati ya zitseko ziwiri kapena zitatu, chifukwa mitengo yake imasiyana. Kenako anaulula kuti dzinali analidziwa pa tsiku la ukwati wathu, popeza kunong'ona kwanu kumamveka tsidya lina la msewu. Akuti anangokhala chete chifukwa kabati ndi katundu wolemekezeka, simunawatche ndowa.

Tinaseka tonse, loya yemwe. Koma titafika kunyumba mkamwini wanu anaima pakhomo la kuchipinda, atalidzaza lonse monga mwa masiku onse, akuyang'ana mwana ali mtulo. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndi mapewa awo amene anamupweteka mwanayu. Amayi, mtima unandiwawa kuposa tsiku lobereka lija.

Anawayankha ndi mayi wa mafizo Lachiwiri lotsatira. Anati ana a mapewa akuluakulu amabadwa tsiku ndi tsiku ali bwinobwino, phewa silidula mtsempha, chimadula ndi dzanja lokoka mopupuluma. Anawauza kuti asiye kudziimba mlandu umene uli ndi eni ake, agwade awerenge mpaka teni. Anagwada. Kuyambira tsiku limenelo mwanayu amamutcha Kakabati, ndipo akuti ndikuuzeni kuti dzina limeneli mwamupatsa ndinu.

Pempho langa ndi limodzi, koma lili ndi malamulo ake, ndipo ndikukudziwani.

Foniyo muwapatse achimwene akaweruka kusukulu. Iwo ndi aphunzitsi, amawerenga kaye asanadine. Apeze mauthenga awiri aja, anditumizire onse, ajambulenso galasi la foniyo ndi foni yawo kuti tsiku lioneke. Akatero aizimitse, muiike m'sutikesi muja mumasunga makalata a nyumba, chifukwa loya akuti mwina adzaifuna yeniyeniyo. Foni ina yoti muzigwiritsa ntchito ndapatsira dalaivala yemwe wabweretsa kalatayi. Ndi yabuluu, ndipo imalira mokweza monga mumakondera.

Musajambule uthenga wina watsopano. Ndikukuonani kale mutavala diresi ya Lamulungu, mutakhala mowongoka, mukulankhula ndi mawu a pa maliro a munthu wolemera, mukuti mkamwini wanga wokondedwa, mwana wanga weniweni. Ndikudziwanso kuti mukabwereza nkhani ya kubadwa kwanga mundiwonjezera makilogalamu awiri, chifukwa chaka chilichonse ndimanenepa m'nkhani imeneyo. Loya akuti uthenga watsopano ungaphe mlandu wonse. Akufuna womwe uja, ndi nkhuku yake, ndi tambala amene ankalira kumbuyo kwanu.

Musafufutenso gawo la amayi a kwaya. Kuno palibe akuwadziwa. Womasulirayo analumbira kusunga chinsinsi, ngakhale ndisakunamizeni, ndi bambo wa chinenero chathu chomwechi, timapemphera naye, ndipo mkazi wake ali ndi abale kumeneko. Zikafika, mudzangoti munkanena za kwaya ina.

Mwina mukuganiza kuti chimene ndikuopa ndi manyazi a Kabati. Ayi, zimenezo zinatha. Ndikuopa uthenga wachiwiri uja. Tsiku lina posachedwa ndidzakhala m'chipinda chozizira, anthu a masuti atazungulira tebulo, mwana ali pamiyendo panga ndi kamkono kake kolendewera, ndipo adzatsegula mawu anga ndikuseka. Ndikuseka inu. Loya akuti kuseka kumeneko n'kumene kudzatipambanitse, chifukwa kukusonyeza kuti namwino anandilimbitsa mtima molakwika. Mwina ndi zoona. Koma ine ndikudziwa kuti ndinali ndi pakamwa, ndikanaumirira, ndikanapita kwa namwino wina. Ndinachita manyazi ndi mayi wanga wokuwa pa foni pamaso pa anthu ophunzira. N'chifukwa chake ndinkakulunga bulangeti lija. Sindinkabisa mkono wokha.

Palinso china. Madzulo a tsiku la kusikelo lija munandifunsa ngati ndinamvera uthenga wonse mpaka kumapeto, ine n'kuvomera. Ndinanama. Mphindi zisanu ndi zitatu zotsalazo sindinazimvepo mpaka lero. Mwina munabwerera ku nkhuku. Mwina munanena zoti ndidzachite phewa likadzakodwa. Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudzazimva koyamba kuchokera pa pepala la chidindo, m'kamwa mwa bambo wolumbira. Achimwene akangotumiza, ndidzatseka chitseko, ndidzamuika Kakabati pachifuwa, timvere limodzi kuyambira pa nkhuku mpaka pomwe munadina.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti ntchito ndawapatsayi iposa mayeso onse amene anachongapo. Moni kwa alamu, ndipo muwapepese powatuma kumsika popanda chifukwa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu anu onse a mapewa abwinobwino. Aneba a madalitso aja muwapatsenso moni, posachedwa dzina lawo lilowa m'mabuku a boma. Mkamwini wanu akuti mukhale ndi moyo wautali, ndipo akuti ndi ya zitseko zitatu.

M'envelopumu ndaikamo chithunzi chimodzi chopanda bulangeti. Muchiyang'ane bwinobwino, ndi wokongola, ali ndi mphumi yanu.

Foni yabuluu ija ili ndi nambala yanga kale. Mukaimba, mawu aja akuti ndinakuuza muwanene ndithu, ndi anu, munawagwirira ntchito. Muwanene kangati konse mungafune, mudutsenso pa nkhuku ngati mukufuna. Ulendo uno sindidula.

Ndine mwana wanu,
Nkhutukumve uja.